Magetsi Ochokera ku Haidrojeni: Kodi Ife a ku Zomba Tingagulitsepo Chiyani?

Magetsi akathima m'tauni ya Zomba, sipapita nthawi majenereta asanayambe kulira. Amalira ku chipatala chachikulu, m'mabanki, m'mashopu ozungulira msika, ndiponso pansi pa nsanja za mafoni zimene zili pamwamba pa phiri. Jenereta iliyonse imamwa dizilo kapena petulo amene dziko lathu lagula ndi ndalama zakunja, n'kumukoka ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Koma alipo makina ena amene amagwira ntchito yomweyo popanda pisitoni, popanda utsi, ndipo phokoso lake ndi la fani chabe. Dzina lake ndi fuel cell.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife zikutikhudza bwanji poti makinawa sitiwaona m'mashopu mwathu? Yankho lake ndi lakuti makina otere sapangidwa ndi fakitale imodzi. Ndi mtolo wa zidutswa zambirimbiri zochokera kwa anthu osiyanasiyana, ndipo ntchito ndi ndalama zambiri zagona pa zidutswazo. M'phunziro lino tiona mmene fuel cell imagwirira ntchito, amene akuigula, amene amapanga zidutswa zake, kenako tidzifunse moona mtima kuti ife tingalowere khomo liti.

Kodi fuel cell ndi chiyani?

Tonse tidaphunzira ku sekondale kuti madzi ndi mipweya iwiri yolumikizana: haidrojeni ndi okosijeni. Tikalowetsa mawaya awiri a magetsi m'madzi, madziwo amagawanika, ndipo timaona tithovu ta haidrojeni pa waya wina ndi ta okosijeni pa waya winayo. M'chaka cha 1839, loya wina wa ku Wales wokonda sayansi, William Grove, adaonetsa kuti zimenezi zimathekanso chobwerera. Mipweya iwiri ija ikakumana mwa dongosolo pa chitsulo cha pulatinamu, imabwereranso kukhala madzi, ndipo pobwererapo imatulutsa magetsi. Fuel cell ndi makina ochita zimenezi mosalekeza.

Mtundu wofala kwambiri umatchedwa PEM. Tiyerekeze kachipinda kogawidwa pakati ndi kansalu ka pulasitiki wapadera, kopyapyala ngati pepala kapena kuposa pamenepo. Mbali imodzi kumalowa haidrojeni, mbali inayo kumalowa mpweya wamba umene timapumawu. Pa nkhope zonse ziwiri za kansaluko papakidwa fumbi la pulatinamu. Haidrojeni akakhudza pulatinamu amagawanika pawiri, kukhala mapulotoni ndi maelekitironi. Kansalu kaja kali ngati mlonda wa pageti: mapulotoni kamawalola kudutsa, maelekitironi kamawabweza. Popeza nawonso akufuna kukafika kutsidya, maelekitironiwo amazungulira kudzera pa waya wakunja, ndipo kuyenda kwawoko ndiwo magetsi amene amayatsa babu kapena kuzunguza mota. Kutsidya kuja onse amakumana ndi okosijeni n'kupanga madzi. Choncho zotuluka ndi zitatu zokha: magetsi, madzi ndi kutentha.

Tisasokoneze makinawa ndi batire. Batire limasunga magetsi, ndipo likatha timadikira kuti litchajidwe. Fuel cell siisunga kanthu. Imapanga magetsi malinga ngati mafuta ake akulowa. Pamenepa ikufanana ndi jenereta, koma njira yake ndi ina. Jenereta imawotcha mafuta, moto umakankha pisitoni, pisitoni imazunguza shafuti, ndipo pa sitepe iliyonse mphamvu ina imatayika. Jenereta yaing'ono imabweza ngati magetsi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta, kawirikawiri osafikanso pamenepo. Fuel cell imabweza magawo 40 mpaka 60 pa 100 aliwonse.

Makinawa adakhala zaka zoposa 100 ali chinthu cha mu labotale basi. Adayamba kugwira ntchito yeniyeni m'zaka za m'ma 1960 pa zombo za m'mlengalenga za dziko la America. Zombo za Apollo, zimene zidapita ku mwezi, zidagwiritsa ntchito mtundu umene adaukonza katswiri wa ku England, Francis Bacon, ndipo anthu a m'zombozo ankamwa madzi otuluka m'makinawo.

Tiwerenge zidutswa

Kachipinda kamodzi kamene tafotokoza kaja kamatulutsa mavolti pafupifupi 0.7, osafika ndi theka lomwe la batire la tochi. Kuti magetsi akhale aphindu, tizipindato timasanjikizidwa ngati masilayisi a buledi n'kumangidwa pamodzi mothina. Zipangizo za pa nsanja ya foni zimayendera mavolti 48, choncho pamafunika tizipinda pafupifupi 70. Galimoto yoyamba ya Toyota Mirai idali ndi tizipinda 370. Kachipinda kalikonse kali ndi zinthu izi:

Kansalu ka pakati. Kodziwika kwambiri ndi ka Nafion, kamene kadatulukiridwa ku kampani ya DuPont m'zaka za m'ma 1960 ndipo lero kamapangidwa ndi Chemours. Kampani ya W. L. Gore imapanganso tinsalu totere.

Fumbi la pulatinamu. Ntchito yake ndi kufulumizitsa kugawanika ndi kulumikizana kwa mipweya, iye mwini osatha. Ndi lodula kwambiri, motero opanga amalimbirana kuti achepetse kuchuluka kwake. Kampani ya Johnson Matthey ya ku Britain ndi imodzi mwa zodziwika pa ntchitoyi.

Mapepala a kaboni, awiri pa kachipinda kalikonse. Amamwaza mpweya kuti ufike paliponse pa kansalu, amadutsitsa magetsi, ndipo amatulutsa madzi kuti kachipindako kasamire. Amapangidwa ndi makampani monga Toray ya ku Japan ndi SGL Carbon ya ku Germany.

Mapuleti olekanitsa tizipinda. Ali ndi timizere tojobedwa momwe mumayenda mpweya ndi madzi oziziritsa. Amapangidwa ndi graphite, chitsulo chosachita dzimbiri, kapena titanium.

Magasiketi, otseka m'mphepete kuti mpweya usathawe.

Tikawerengera mtolo wa pa nsanja uja, tipeza tinsalu 70, mapepala a kaboni 140, mapuleti pafupifupi 70 ndi magasiketi ochuluka chimodzimodzi. Chidutswa chimodzi chikalakwika, mtolo wonse umavutika, chifukwa magetsi amadutsa mwa onse motsatizana.

Komatu mtolo wokha sungagwire ntchito, monganso mtima sungakhale wopanda mapapo ndi mitsempha. Pamafunika fani kapena kompuresa yokankha mpweya, sefa yotchinga fumbi, pampu ndi rediyeta zoziziritsa, mapaipi, mavavu, thanki kapena masilinda a haidrojeni, tizida tonunkhiza mpweya wothawa, invata yosintha magetsi kuti agwirizane ndi zipangizo zathu, kakompyuta koyendetsa zonsezi, mawaya, ndi bokosi lachitsulo losungiramo. M'makina aang'ono oima pamalo amodzi, zinthu zozungulirazi zimadya gawo lalikulu la mtengo, ndipo ndi zimene zimawonongeka kawirikawiri. Tisunge mfundo imeneyi, tibwereranso.

Mitundu iwiri yofunika kuidziwa

Mtundu wa PEM umagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 80, umayaka msanga, ndipo ndi wopepuka. N'chifukwa chake umaikidwa m'magalimoto. Vuto lake ndi lakuti umafuna haidrojeni woyera kwambiri. Kampweya kakang'ono ka carbon monoxide kapena safa kakalowa, pulatinamu amaleka kugwira ntchito. Makina ena a mtunduwu amamwa methanol, n'kuyamba atulutsamo haidrojeni m'kachipangizo kotenthetsera kamene kali mkati momwemo.

Mtundu wachiwiri ndi SOFC. M'malo mwa kansalu ka pulasitiki muli kambale kopyapyala kowotcha ngati dongo la m'ng'anjo, kopangidwa ndi zirconia wosakaniza ndi yttrium, ndipo mbali zake muli nickel ndi lanthanum. Ena amagwiritsa ntchito cerium. Umatentha madigiri 600 mpaka 1,000, sufuna pulatinamu, ndipo susankha kwambiri chakudya: umalandira gasi wachilengedwe, gasi wochokera ku zinyalala zowola akayeretsedwa, ngakhalenso ethanol. Koma umachedwa kutentha, motero umayenera malo amene makina amayaka usana ndi usiku.

Haidrojeni sagwa kumwamba

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Kupatula malo ochepa kwambiri, monga mudzi wa Bourakébougou ku Mali kumene amatuluka pansi, haidrojeni sapezeka payekha. Amayenera kupangidwa, ndipo kumupanga kumadya mphamvu. Pafupifupi haidrojeni yense amene akupangidwa pa dziko lapansi lero amachokera ku gasi wachilengedwe ndi malasha, ndipo amathera m'mafakitale a feteleza ndi oyenga mafuta. Wopangidwa pogawa madzi ndi magetsi a dzuwa kapena a mphepo akadali kadontho chabe.

Tichite masamu, pogwiritsa ntchito mayunitsi omwe aja timagula ku ESCOM. Tiyerekeze nsanja ya foni pamwamba pa phiri la Zomba imene imadya makilowati 2 usana ndi usiku. Pa tsiku ndi mayunitsi 48. Kilogalamu imodzi ya haidrojeni ili ndi mphamvu ya mayunitsi pafupifupi 33, ndipo fuel cell imabweza theka, tinene 16. Ndiye kuti nsanjayo ifuna makilogalamu 3 pa tsiku. Kuti tipange kilogalamu imodzi pogawa madzi timafuna malita 9 a madzi oyeretsedwa kwambiri ndi mayunitsi 50 mpaka 55 a magetsi. Makilogalamu 3 aja adya malita 27 ndi mayunitsi pafupifupi 160.

Taonani: madzi si vuto, chifukwa malita 27 ndi ndowa imodzi ndi kachigubu, ndipo damu la Mulunguzi lili pomwepo. Vuto ndi magetsi. Talowetsa mayunitsi 160, tabweza 48, kutanthauza magawo 30 pa 100. Batire la lithium likanatibwezera pafupifupi 9 pa 10 aliwonse. Choncho ngati vuto lathu ndi kuthima kwa magetsi kwa maola anayi madzulo, sola ndi batire zikuposa haidrojeni kutalitali. Aliyense wotiuza zosiyana ndi zimenezi atisonyeze masamu ake.

Nanga haidrojeni amapambana pati? Amapambana pamene mphamvu iyenera kusungidwa masiku ambiri. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chimatha kukuta phiri masiku angapo otsatizana, sola n'kumangopereka pang'ono. Kuti batire lipirire masiku asanu, tiyenera kugula mabatire kasanu. Kuti fuel cell ipirire masiku asanu, timangowonjezera masilinda, makina ali omwewo. Amapambananso pa zinthu zolemera zimene siziyenera kuima nthawi yaitali podikira kutchaja.

Akugula ndani?

Msika umene udatchuka kwambiri ndi wa magalimoto ang'onoang'ono, koma ndi umene wakhumudwitsa. Toyota idatulutsa Mirai mu December 2014, Hyundai idatulutsa Nexo mu 2018, koma magalimoto a batire ndiwo adalanda msika, moti amagulitsidwa mamiliyoni chaka chilichonse pamene a haidrojeni amawerengedwa m'zikwi. Malo omwetsera haidrojeni ndi odula kumanga, ndipo mu 2024 kampani ya Shell idatseka malo ake omwetsera magalimoto ang'onoang'ono ku California. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Msika wokhazikika uli pa zinthu zosaoneka bwino m'zithunzi. Ku America, zikwi zambiri za timagalimoto tonyamulira katundu m'nyumba zosungira katundu za Amazon ndi Walmart timayendera ma fuel cell a kampani ya Plug Power, chifukwa kudzaza haidrojeni kumatenga mphindi zochepa ndipo ntchito siiima. Ku Japan, kuyambira 2009, nyumba zoposa 400,000 zaikidwa makina otchedwa Ene-Farm, amene amapereka magetsi ndi madzi otentha nthawi imodzi. Ku China ndi ku South Korea boma likulimbikitsa mabasi ndi malole a haidrojeni. Ku Germany, sitima ya pamtunda ya Coradia iLint idayamba kunyamula anthu mu September 2018. Kampani ya Bloom Energy imagulitsa makina a SOFC kwa zipatala ndi nyumba zosungira makompyuta a intaneti, kumene magetsi sayenera kuphethira ngakhale kamodzi.

Tikaika zonsezi pamodzi tiona chinthu chimodzi: wogula fuel cell ndi munthu amene kuima kwa ntchito kumamudyera ndalama zambiri kuposa mtengo wa makinawo. Kuno kwathu anthu otere ndi eni nsanja za mafoni, zipatala, migodi, mabanki ndi malo osungira katemera. Tikukumbukira mu January 2022 pamene namondwe Ana adawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kudalira mtsinje umodzi wa Shire kudatisiya pa dizilo.

Zimene anzathu a ku South Africa adachita

Dziko la South Africa limakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 a pulatinamu yense wa pa dziko lapansi, ndipo Zimbabwe ndi yachitatu. Abale athu ambiri adagwirapo ntchito m'migodi ya maiko amenewa. Kwa zaka zambiri pulatinamuyo ankapita kunja ali chitsulo chabe, ena n'kukamusandutsa zipangizo zodula. M'chaka cha 2008 boma la South Africa lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa HySA, n'kugawira mayunivesite ntchito: University of Cape Town pamodzi ndi bungwe la Mintek adatenga fumbi la pulatinamu, University of the Western Cape idatenga kulumikiza makina, North-West University pamodzi ndi bungwe la CSIR adatenga kupanga ndi kusunga haidrojeni. Ku Cape Town kudabadwa kampani ya HyPlat, yopanga tinsalu topakidwa kale pulatinamu.

Adayesanso makinawa pakati pa anthu. Mu 2014, nyumba 34 za m'mudzi wa Naledi Trust, kufupi ndi Kroonstad, zidalandira magetsi ochokera ku ma fuel cell a methanol, pa ntchito ya Anglo American Platinum ndi kampani ya Ballard ya ku Canada. Mu May 2022, ku mgodi wa Mogalakwena m'chigawo cha Limpopo, kudaonetsedwa chilole cha haidrojeni chotha kunyamula matani 290.

Phunziro lake ndi ili: iwo sadayambe ndi kupanga galimoto. Adayang'ana chimene ali nacho m'nthaka, n'kusankha chidutswa chimodzi chimene chimafuna chinthucho, n'kuphunzitsa anthu awo kwa zaka zambiri. Ngakhale atatero, kulanda makasitomala kwa makampani a ku Japan, Germany ndi America kwakhala kovuta. Ngati zili choncho kwa eni pulatinamu, ife tisadzinamize kuti mawa tiyamba kupanga Nafion ku Matawale. Kansalu ndi fumbi lija zimafuna mafakitale a mankhwala, zipinda zopanda fumbi ndi ziphaso za umwini wa luso. Makomo athu ali pena, ndipo tikuona anayi.

Khomo loyamba: miyala

Amene adakwerapo phiri la Zomba amadziwa anyamata ogulitsa miyala yonyezimira m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi ogulitsa masitiroberi. Mlendo amagula mwala pa mtengo wokambirana, n'kupita nawo. Dziko likhoza kugulitsa chuma chake mwa njira yomweyo, kungoti pa malole. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile, mwala wotulutsa titanium, pamodzi ndi graphite. Zonse ziwiri ndi zopangira mapuleti aja. Ku Songwe Hill m'boma la Phalombe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli miyala yokhala ndi lanthanum ndi cerium, zofunika mu SOFC. Zomba ili pakati pa Phalombe ndi Balaka, ndipo likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala, Geological Survey, lili m'tauni mwathu muno.

Tinene zoona: ogula akuluakulu a miyala imeneyi ndi opanga mabatire, maginito ndi utoto; opanga ma fuel cell ndi kasitomala wamng'ono. Koma onsewa amafuna chinthu chimodzi, ndicho kuyera. Graphite wa m'mabatire amayenera kuyera kufika magawo 99.95 pa 100, ndipo ntchito yoyeretsayo yambiri ikuchitikira ku China. Mtengo umakwera pa sitepe yoyeretsa, osati pa sitepe yokumba. Ntchito ya wophunzira kemisitiri ili pamenepo: kuyeza, kusefa, kuyeretsa ndi kulemba chikalata chimene wogula wakunja angachikhulupirire.

Khomo lachiwiri: mafuta ake

Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kusakaniza ethanol ndi petulo. Fakitale ya ETHCO ku Dwangwa idayamba mu 1982, ya PressCane m'boma la Chikwawa mu 2004, ndipo zonse zimagwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga. Mu 2016 kampani ya Nissan idaonetsa ku Brazil galimoto yoyeserera ya SOFC yomwa ethanol. Mafuta amadzimadzi otere savuta kunyamula ngati haidrojeni wothinikizidwa m'masilinda, ndipo amalimidwa m'minda yathu. Zinyalala za mu msika wa Zomba, ndowe ndi zotsalira za m'makhitchini a sukulu zogonera zimatulutsa gasi zikawola. Wodziwa kuchotsa safa m'gasi ameneyu ali ndi malonda lero lomwe, pophikira, makina a SOFC asanafike n'komwe.

Palinso mbali ina imene imaiwalika. Tikagawa madzi, pa kilogalamu iliyonse ya haidrojeni pamatuluka makilogalamu 8 a okosijeni. Nthawi ya Covid-19, pamene nyumba ya boma ya ku Zomba idasandutsidwa malo osamalira odwala, tonse tidaona kufunika kwa mpweya umenewu. Okosijeni wotere amayenera kuumitsidwa, kuyeretsedwa ndi kuyesedwa asanafike kwa wodwala, koma akatero, makina amodzi amakhala ndi zogulitsa ziwiri, ndipo masamu aja amasintha.

Khomo lachitatu: zidutswa zozungulira

Tibwerere ku mfundo tidasunga ija. Bokosi lachitsulo, mafelemu, zotchingira akuba, zoikapo masilinda, mitolo ya mawaya, masefa, mathanki a madzi oyeretsedwa: zonsezi ndi zolemera kapena zodya malo, ndipo kuziitanitsa kunja kudzera ku Nacala n'kulipira mtengo wonyamulira mpweya. Zikhoza kupangidwa kuno. Amisiri owotcherera zitsulo alipo ku Chinamwali ndi m'makwalala ena a tauni yathu, ndipo ku Nasawa Technical College achinyamata akuphunzira ntchito zamanja.

Chimene chimasiyanitsa wowotcherera geti ndi wogulitsa zidutswa za makina si nzeru, koma muyezo. Geti likapotoka pang'ono timalimenya ndi hamala n'kulowa. Wopanga makina amatumiza chojambula chokhala ndi miyezo ya mamilimita, ndipo amafuna kuti bokosi loyamba ndi la nambala 100 akhale ofanana ndendende, afike pa tsiku lolonjezedwa, ali ndi pepala lonena mtundu wa chitsulo ndi amene adaliyeza. Pa mapaipi nkhani imakulanso. Haidrojeni ndi wamng'ono kwambiri, amathawira pa kampata kamene madzi sangadutse, ndipo amafooketsa mitundu ina ya zitsulo mpaka kusweka. Wofuna ntchito imeneyi aphunzire kuwotcherera chitsulo chosachita dzimbiri, kuwerenga zojambula, kuyesa ngati paipi ikudontha, ndi kutsata miyezo ya Malawi Bureau of Standards ndi malamulo a MERA.

Khomo lachinayi: kuika ndi kukonza

M'zipatala ndi m'masukulu athu muli makina ambiri abwino amene adaima chifukwa cha kachidutswa kamodzi ndi kusowa wokonza. Kampani iliyonse yofuna kugulitsa ma fuel cell kuno idzayamba yafunsa kuti, akawonongeka adzapita ndani? Masefa amafuna kusinthidwa, makamaka m'miyezi ya fumbi. Mafuta amafuna kuperekedwa pa nthawi yake ngakhale msewu wokwera phiri uli woterera. Makina amafuna kuyang'aniridwa pa kompyuta ali kutali. Ndipo mtolo ukatha ntchito sutayidwa, chifukwa pulatinamu wa mkati mwake amabwezedwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Khomo ili silifuna fakitale. Limafuna munthu wodziwa magetsi ndi mipweya, wosunga mabuku bwino, amene akati ndifika Lachiwiri amafikadi Lachiwiri.

Tichenjere ndi moto wosaoneka

Haidrojeni alibe fungo, alibe mtundu, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Amayaka akasakanikirana ndi mpweya wamba pa mlingo uliwonse kuyambira magawo 4 mpaka 75 pa 100. Ndi wopepuka, motero amakwera n'kukaunjikana kudenga ngati chipinda chili chotseka. Methanol ndi poizoni. Pang'ono pokha amachititsa khungu, ndipo amapha. Ophunzira anzathu, tisayese kugawa madzi m'chipinda chogona, ndipo tisathiremo mchere, chifukwa madzi a mchere amatulutsa mpweya woopsa wa chlorine. Zoyesa zonse zichitikire mu labotale, aphunzitsi ali pomwepo.

Tiyambire pati?

Palibe angalonjeze chaka chimene ma fuel cell adzachuluke m'dziko muno. Koma tikayang'ana makomo anayi aja tiona kuti luso lililonse limene tatchula lili kale ndi msika. Wodziwa kuyeretsa miyala akufunidwa ndi migodi imene ikutsegulidwa. Wodziwa mainvata ndi mabatire akufunidwa pa sola, kuyambira pa denga la nyumba mpaka minda ikuluikulu ya sola ya ku Salima ndi ku Golomoti. Wodziwa mapaipi a mpweya akufunidwa ndi ogulitsa gasi wophikira ndi zipatala zopanga okosijeni. Wophunzira zimenezi sataya kanthu ngakhale haidrojeni atachedwa; akafika, adzamupeza ali wokonzeka.

Choncho wa sayansi alimbikire kemisitiri ndi fizikisi, ndipo posankha kafukufuku womalizira maphunziro aganizire za graphite, ethanol kapena gasi wa zinyalala. Wa bizinesi aphunzire kuwerengera mtengo weniweni wa yunitsi imodzi ya magetsi, kuphatikizapo mafuta, kukonza ndi zaka zimene makina adzakhale. Makolo amene muli ndi mwana wokonda zitsulo ndi mawaya, musamuone ngati wolephera sukulu. Mugulireni tepi yoyezera yabwino ndipo mumulimbikitse kupeza satifiketi ya TEVETA. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Mafunso oti tikambirane m'magulu

1. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa fuel cell, batire ndi jenereta.

2. Kachipatala kena kamadya mayunitsi 32 pa tsiku. Kangafune makilogalamu angati a haidrojeni? Nanga pangafunike madzi ndi magetsi ochuluka bwanji kuti haidrojeniyo apangidwe?

3. Tchulani malo atatu m'boma la Zomba amene kuthima kwa magetsi kumaika moyo kapena ndalama zambiri pachiswe. Pa malo aliwonse, n'chiyani chingathandize kwambiri: batire, jenereta kapena fuel cell? Perekani zifukwa.

4. Mwa zidutswa zozungulira zimene tatchula, sankhani chimodzi chimene mmisiri wa m'dera lanu angapange. Akusowa chiyani kuti apange zidutswa 100 zofanana?

5. Pa makomo anayi aja, ndi liti limene maphunziro anu akukufikitsani pafupi, ndipo muchitapo chiyani teremu ino?